Misoti Yofiira Pakhomo pa Apongozi

Anthu a kwa Kalembo akamakumbuka chaka chimenecho amati chaka cha mango owiritsa. Ena amati chaka chimene anthu tinalanda nkhumba madeya. Ine ndikachikumbuka chimandibwerera m'maso ndi khosi la nkhuku ya apongozi anga, lopanda nthenga, litapakika magazi a nkhuku inzake. Mpaka lero ndikaona nkhuku ya mtundu wa kameta pamsika ndimayang'ana kumbali.

Kwathu ndi kwa Mposa, ku Machinga. Kuno kwa Kalembo, ku Balaka, ndinabwera chitengwa, chifukwa amuna anga a Fabiano ndi mwana wamwamuna yekhayo, ndipo amayi awo, amasiye, anakana kuti mwana wawo akakhale mkamwini kutsidya kwa Shire. Pakhomo tinalipo ife ndi mwana wathu Lonjezo, apongoziwo, ndi alamu anga a Rozina amene ukwati wawo unali utatha, ndi ana awo awiri. Chilichonse pakhomopo chinali ndi mwini wake, mtondo, nkhokwe, mitengo ya mango, mwina ndi mthunzi womwe. Changa ine chinali mwana ndi zitenje zimene ndinabwera nazo.

Okutobala

Chimanga cha chaka chapitacho chinapserera chisanabereke, ndiye pofika Okutobala m'nkhokwe munali mutatsala zitsononkho ndi anankafumbwe. Kusikelo anandiuza kuti Lonjezo sakukwera. Anali atangosiya kuyamwa, tsitsi likufiirira, timikono tili ngati mapesi. Namwino anati ndiziyesetsa kumupatsako dzira, ngakhale mwa apo ndi apo.

Nkhuku pakhomo zinalipo, mathadzi angapo ndi tambala, zonse za apongozi. Koma dzira silinkalowa m'kamwa mwa munthu. "Dzira ndi nkhuku ya mawa," ankatero apongozi, n'kuwonjeza kuti mwana wozolowera mazira amakula wakuba. Tsiku limene ndinapempha limodzi anandiyang'ana ngati ndapempha mbuzi.

Ndinapita kwathu kukadandaula. Amayi anga sanachulutse mawu. Anagwira misoti isanu ing'onoing'ono imene inali itangosiyidwa ndi make, naiika m'dengu, pamwamba n'kumangapo chidutswa cha neti yakale.

"Pofika Malichi idzakhala ikuikira," anatero. "Dzira la nkhuku yako palibe angakuletse. Koma usakangoiponya pakati pa zinzake, iyayi. Nkhuku ndi zanjiru. Ukaivindikire ndi dengu lomweli pabwalo, zakalezo zizibwera kudzasuzumira mpaka zizolowere. Uzikaipatsa chakudya payokha. Ikadzakula msinkhu wotha kubwezera, ndiye udzaitulutse."

Ndinawoloka nayo pa Liwonde dengu lili pamiyendo m'minibasi, Lonjezo ali kumsana, anthu akudandaula fungo. Sindinasamale. Kwa nthawi yoyamba ndinali kupita kwa Kalembo nditanyamula chinthu changa chamoyo.

Apongozi anazungulira dengu lija atagwira m'chiuno.

"Alendo afika ndi nyumba yawoyawo," anatero. "Pakhomo pano nkhuku zimagona khola limodzi, amake Lonjezo. Kapena za kwa Mposa ndi zophunzira?"

A Rozina anaseka. Ine ndinangovindikira misoti yanga pansi pa mtengo wa mango, n'kutsinjiza dengulo ndi mwala. Loyamba kubwera linali thadzi lalikulu la apongozi, lopanda nthenga m'khosi, limene onse ankangolitchula kuti Kameta. Ankazungulira dengulo tsiku lonse, akulowetsa mlomo m'mipata.

Novembala

Mvula yoyamba inagwa yamphamvu, tinadzala, kenako kunachita ng'amba mbewu n'kupsera m'nthaka. Tinadzalanso ndi mbewu yopempha. Nsima inayamba kubwera kamodzi patsiku, madzulo. M'mawa tinkawiritsa mango aawisi mpaka mano kuyayamira. Pamsika mtengo wa chigoba cha chimanga unkasintha munthu uli pamzere, ndipo aliyense anali ndi mbale wake amene anaona ndi maso malole a chimanga chaulere ataima pa Liwonde. Malolewo kwathu sanafike.

Mango omwewo ndi amene anandilanda dengu. Ndinabwera kuchokera kumunda n'kupeza mwala uli pansi, dengu palibe, misoti yanga itaunjikana pansi pa nkhokwe, Kameta akuyendera ngati mlonda.

"Amayi, dengu lija lili kuti?"

"Lapita kumsewu ndi Rozina, wakagulitsa mango," anayankha apongozi. "Zisiyeni zimenyane, zidziwana. Inu mutabwera kuno tinakuvindikirani ndi dengu kodi?"

Madzulo ndinawauza a Fabiano. Anati nkhani za nkhuku ndi za azimayi. A Fabiano ndi munthu wabwino, samenya, samwa, koma pamaso pa amayi awo amasanduka phala lamadzi. Dengu silinabwererenso. Mango atatha linayamba kunyamula manyowa.

Poopa Kameta, misoti inkathawira kutali, pamtetete popanda chobisalamo. Kabawi anatenga umodzi ine ndikuona, ndili ndi ndowa pamutu. Inatsala inayi.

Kuno anthu akafuna kuteteza anapiye kwa kabawi amawapaka jivi, mankhwala a zilonda aja, n'kukhala abuluu. Amati kabawi akaona mtundu wachilendo amadabwa n'kupitirira. Koma jivi ndi wogula. A Rozina anali ndi ufa wofiira wotsala, umene kale ankathira m'madzi a shuga ogulitsa kwa ana a sukulu. Tsiku lina ndinapeza misoti yanga yonse ili psuu kuyambira kumutu mpaka kumchira, ikunjenjemera padzuwa.

"Taonani alamu, ndakuthandizani," anatero a Rozina, manja awonso ali ofiira. "Kabawi aziyesa moto."

Ndinathokoza, nanga ndikanatani. Ndipo kabawi sanabwerenso, zimenezo ndivomereze.

Disembala

Mwezi umenewu madeya anasiya kukhala a ziweto. Tinkawagula pachigayo, kuwayanika, kuwagayitsanso, n'kuphika nsima yakuda yowawasa imene inkakanda pakhosi. Kunamveka mbiri yoti ogulitsa ena akusakaniza ndi utuchi. A Bizweki oyandikana nafe anakhwezula malata a nyumba yawo n'kukagulitsa mvula ili mkati. Amayi ena ankapita ku Shire kukazula nyika, mizu ya maluwa a m'dambo ija, m'madzi a ng'ona.

Nkhuku sizinkaponyeredwa kanthu. Zinkatsata ana akapita kuseri kwa nyumba, n'kumalimbirana zimene asiyazo. Zoikira zinaleka kuikira. Ndipo nkhuku yanjala ikaona chofiira imayesa nyama.

Zinayamba ndi kujompha pamsana, pafupi ndi mchira. Kameta akajompha, zinzake zinkabwera kudzalawa. Choipa chake chinali chakuti pa nthenga zofiira magazi saoneka. Ndinkaona misoti ikuthawa, ine n'kumati ndi ndewu ya masiku onse, osadziwa kuti pansi pa utotowo pali mabala.

Tsiku la Khirisimasi titabwera kutchalitchi ndinamva kulira kwachilendo kuseri kwa khitchini. Msoti umodzi unali utagwa chammbali, ukupalasa ndi mwendo umodzi. Kameta anali ataubowola kumbuyo, akukoka thumbo ngati chingwe, khosi lake lonse lili magazi. Thumbolo litaduka anathamanga nalo pabwalo, mathadzi ena akumuthamangitsa kuti alande. Ndinasanza mango onse a m'mawa.

"Rozina, mpeni msanga," anatero apongozi. "Isafe yokha. Yofa yokha sitidya ife."

Anaudula khosi usanatsirizike. Kankhuku kake kanali kosadzaza m'manja, koma msuzi anathira madzi ambiri, ndipo unakwanira onse. A Fabiano analandira ntchafu. Lonjezo, mwini wake wa nkhukuyo, anapatsidwa chipalapasiro choti aziyamwa. Ine ndinakana, fungo lokha linkandinyansa. Tisanadye apongozi anapemphera nthawi yaitali, kuthokoza Mulungu amene saiwala amasiye.

Januwale

Ndinayesa kuchapa itatu yotsalayo ndi sopo, ndi phulusa, ndi madzi ofunda. Utoto wa a Rozina unali wabwino kuposa madzi awo a shuga, sunachoke. Ndinadula bango kudambo n'kumanga kakhola kuseri kwa nyumba yathu, kachitseko n'kumamanga ndi luzi. Apongozi anati ndikugawa mudzi. Ndinakhala ngati sindinamve.

M'munda chimanga chinafika m'mawondo, ntchemberezandonda n'kulowa m'mitima yake. Tinkathira dothi ndi phulusa phesi ndi phesi. A Fabiano ananyamuka ndi anzawo kupita ku Mozambique kukasaka ganyu. Pochoka anandiuza kuti ndizikhala bwino ndi amayi, ngati kuti wovuta ndinali ine.

Inenso ndinalowa ganyu wobandira kwa bambo wina wa golosale amene ankalipira madeya. Ndinkachoka m'mawa Lonjezo ali kumsana, kubwera dzuwa litapendeka. Pa madeya amenewo ndinkabisako kadzanja ka misoti yanga. Ndinkaiwerengera miyezi ngati mimba. Lonjezo anali atasiya kusewera, ankangokhala pamene wamukhazika, maso ali tong'o. Ndikamuyang'ana ndinkati apirire, Malichi sali kutali.

Tsiku lina ndisanafike pakhomo ndinamva fungo la nthenga zowauka. Kachitseko kanali pululu.

"Mbuzi za kwa a Bizweki zinagunda khola lanu," anatero a Rozina osandiyang'ana. "Nkhuku zinabowola msoti umodzi, mwayi wake amayi anaona msanga. Ukanafa wokha, tikanataya nyama."

A Bizweki anali atagulitsa mbuzi zawo zonse Khirisimasi isanafike. Komanso sindinaonepo mbuzi yomasula luzi bwinobwino n'kulipachika pabango. Paja amati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, koma usiku umenewo nsima ndinaisiya m'mbale ndikumva ana akuphwanya mafupa a msoti wanga.

Febuluwale

Mwezi wa Febuluwale ndi umene umavula anthu. Maliro anachuluka, ndipo pamaliro anthu ankabwera ambiri kuposa kale chifukwa cha nsima. Ana a a Rozina ankalira mpaka mawu kutha. Apongozi miyendo inayamba kutupa, ukadina chala pankatsala dzenje. Ndikunena izi kuti wina asati ndabisa. Njala inalipo ndithu, siinali ya masewera.

M'mawa wina bambo wa golosale anatibweza, akuti madeya amuthera. Ndinabwerera dzuwa lisanakwere kwenikweni, ndipo ndinalowera njira ya kuseri kwa mitengo ya mango, kumene munthu wa pakhonde sangakuone.

Kachitseko kanali kotsegula. Misoti yanga iwiri inali pakati pa bwalo. Apongozi anali atakhala pakhonde, miyendo atatambasula, kambale ka madeya kali pachilolo. Ankatapa pang'ono ndi zala n'kuponya pamapazi pa misotiyo. Ikangoweramira kuti idye, Kameta ndi anzake ankafika. Umodzi unali utayamba kale kutuluka magazi. Apongozi ankangoyang'ana, n'kutapanso, n'kuponyanso pomwepo. Pamkeka pambali pawo panali mpeni. M'khitchini a Rozina anali akukolezera moto, mphika wa madzi uli pamafuwa.

Ndinatulukira kuseri kwa mitengo kuja. Kenako ndinatola chibuluma n'kugenda Kameta, n'kunyamula misoti yanga yonse iwiri.

"Amayi, mukutani?"

"Tikuzizoloweretsa," anatero apongozi. "Nkhuku zimazolowerana pa chakudya."

"Nanga madziwo ndi a chiyani, alamu?"

"Osamba," anayankha a Rozina ali m'khitchini momwemo.

"Mumasamba ndi mpeni masiku ano?"

Apongozi anaika kambale pansi, nakweza chitenje pang'ono kundionetsa miyendo.

"Mwaiona iyi? Ana aja mwawamva usiku? Nkhuku zanga ndi zoikira, njala ikatha ndi zimene zidzadzutse khomo lino. Zanuzi sizinayambe ntchito. Mukanakhala inu mukanadya iti?"

"Mukanandipempha."

"Mukanapereka?"

Zoona, sindikanapereka. Koma chimene chinandinyansa, ndipo chimandinyansabe, si njalayo. Munthu wanjala akaba nkhuku n'kuipotokola khosi ndimamumvetsa. Koma kukhala pakhonde, munthu wamkulu wa mpingo, kumaitanira nkhuku kuti zidye inzawo yamoyo, kudikira ibowoke kuti udzati waipulumutsa, kenako n'kutseka maso kupemphera, zimenezo ine ayi. Anafuna nyama, anafunanso manja oyera.

"Wavulalawo tipatseni," anatero a Rozina atatuluka. "Sufika mawa."

Ndinalowa nawo m'nyumba n'kutseka chitseko. Ndinautsuka bala ndi madzi amchere, ndinaumwetsa ndi chala. Unakhala masiku angapo pansi pa bedi. Kenako nyumba inayamba kununkha, ndipo nditakweza nthenga ndinapeza mphutsi zikuyenda m'balamo. Unafa m'manja mwanga. Ndinadutsa nawo pabwalo onse akuona, n'kukauponya m'chimbudzi. A Rozina anauza mudzi wonse kuti mtengwa wa kwa Mposa wataya nyama chaka cha njala, akuti akanangodula powolapo kwinako n'kuphika. Mlungu wonse palibe anandipatsa moni pakhomopo, ndipo moniyo sindinamusowe.

Malichi

Unatsala umodzi, wa katsumba pamutu. Sindinausiyenso pakhomo. Ndinapempha katoni kugolosale, ndinaboola mabowo, ndipo kulikonse kumene ndinkapita unkapita nawo, kumunda, kuganyu, kumjigo. Kutchalitchi ndinkausiya kwa mayi wina wa m'kwaya amene nyumba yake ili pafupi. Azimayi ankandiseka kuti Lonjezo wapeza mng'ono wake, ena n'kumafunsa kuti ubatizo udzakhala liti. Ndinkawayankha kuti adzabwere, koma nyama sikudzakhala.

Chakudya chake ndinkatchera chiswe. Ndinkaika mapesi ouma ndi ndowe m'mphika wosweka, kuwaza madzi, n'kuuvindikira pafupi ndi chulu. M'mawa munkadzaza chiswe. Msotiwo unayamba kulemera m'katoni. Nthenga zofiira zinathothoka pang'onopang'ono, n'kumera zake zenizeni zotuwa ngati phulusa.

Maungu anayamba kukhwima, kenako mondokwa. Anthu ankagona m'minda kuopa akuba. Maungu anamubwezera Lonjezo timphamvu, anayambanso kuyenda akugwira khoma, koma kusikelo anali pomwe paja. A Fabiano anabwera ataonda, atanyamula kathumba ka makaka. Ndinawafotokozera zonse, za madeya, za mpeni, za madzi osamba. Anakanda m'mutu n'kunena kuti zinali za njala, zatha, tisazikumbe.

Kumapeto kwa mweziwo msoti unakana katoni. Lipombo linali litafiira, msinkhu utafanana ndi mathadzi. Tsiku lina unadumpha n'kupita pabwalo, ine ndili pambuyo ndi ndodo. Kameta anabwera khosi atalitambasula. Wanga unaimika nthenga n'kumujompha pakhosi lopanda kanthulo, kawiri. Kameta anabwerera, nayamba kupalasa pansi ngati sipanachitike kanthu. Zinathera pomwepo. Zimene amayi anga ananena kuti dengu lidzachita, zinachitika ndithu, koma zitadya nkhuku zinayi. Madzulo ake msotiwo unatsata zinzake n'kukalowa m'khola la apongozi wokha, osatembenuka.

Epulo

Tinakolola pang'ono, chimanga cha zitsononkho zazifupi, chokwana kutifikitsa mwina mwezi wa Ogasiti. Komabe pabwalo panayamba kugwa timbewu, nkhuku zinakhuta, ndipo mathadzi a apongozi anayambanso kuikira m'chisa cha m'khitchini mwawo. Miyendo yawo inaphwa. Moni anabwerera, ngakhale anali wa pakamwa chabe.

Tinali kutong'ola chimanga pamkeka, ine, a Fabiano ndi Lonjezo, pamene ndinamva nkhuku ikutetera m'khitchini mwa apongozi. Mawu ake ndinawadziwa. Msoti wanga unatuluka ukulengeza mudzi wonse. Ndisanadzuke n'komwe, apongozi anali atalowa kale. Anatuluka ndi dzira laling'ono, la kamagazi pang'ono pachikhokho monga limakhalira loyamba, m'dzanja linalo atagwira khala loti alembe chizindikiro.

"Ili tiliika pamodzi ndi enawo, Kameta akayamba kufungatira," anatero.

"Limenelo ndi la Lonjezo, amayi."

"Laikiridwa m'chisa changa, m'khitchini mwanga. Tambala wakenso ndi wanga."

Ndinapita n'kuima patsogolo pawo, dzanja nditatambasula. Sindinagwade.

"Iwiri munadya, wachitatu munaupha. Sindinakutengereni kwa ankhoswe. Dzira ili ndipatseni."

Apongozi anayang'ana mwana wawo. A Fabiano anali otanganidwa kwambiri ndi chitsononkho chimene chinali m'manja mwawo. Apongozi anawerama n'kuika dziralo pansi, pafumbi, pafupi ndi phazi langa, m'malo mondipatsa m'manja. Ndinatola.

Ndinaliwiritsa m'kachitini. Sindinalowe nalo m'nyumba, ndinafuna aliyense aone. Ndinakhazika Lonjezo pamkeka, ndinasenda, ndinawaza kamchere, n'kumupatsa m'manja. Analiyang'ana nthawi yaitali, nalinunkhiza, naluma choyeracho pang'ono. Atafika pa chachikasu anamwetulira, timano tonse panja. Misozi inandilengeza, ndinayang'ana kumunda.

Apongozi anali atakhala pakhonde pawo paja, akuyang'ana pakamwa pa mwanayo. Lonjezo anawaona. Ndinali nditamuphunzitsa ndekha kuti munthu sadya wamkulu akuyang'ana. Anadzuka, dzira lotsala theka lili m'manja, napita dzandidzandi mpaka pakhonde.

"Agogo, eni."

Mumtima ndinati akana, anena kuti idya mwanawe, ndi lako. Agogo aliyense amatero.

Apongozi analandira ndi manja awiri, nadya lonse.